Chitsulo Chimene a Mbewe Anachotsa

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha, chifukwa palibe chimene ndinachita kupatula kuweta mbuzi ndi kujomba kusukulu masiku a msika wa Mitundu. Ndikufuna mudziwe za ntchito imene inakulerani, komanso za a Mbewe, munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala. Dzina lawo mwalimva kambirimbiri pakamwa panga, koma nkhani yawo sindinakuuzenipo yonse, ndipo mbali imene ndinkaidumpha ndi imene ndikulemba lero.

Zaka za chipani chimodzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa esiteti ina ya fodya kumadzulo kwa Mitundu, kumene ukaima pakhomo la galaja umaona mapiri a Dzalanyama. Ndinali nditangokwatira mayi anu. Mwini esitetiyo anali mzungu, koma mwini galaja weniweni anali a Mbewe, munthu wamfupi, wa khutu limodzi logontha, amene ankanunkha dizilo ngakhale Lamlungu atavala jekete. Tsiku loyamba sanandifunse za mapepala a sukulu. Anatola bawuti yadzimbiri imene nati yake inali itakakamira, n'kundiponyera. "Masula, koma usathyole," anatero, n'kumapita. Ndinainyika mu oyilo, ndinaigogoda pang'onopang'ono, ndinalimbana nayo mpaka dzuwa linapendeka. Itamasuka anaiyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ubwere mawa. Anzako amathamangira hamala."

Masiku amenewo zipangizo zinali zosowa ngati nyanga ya galu. Gasiketi tinkadula pa katoni, mawashala tinkasema pa chubu cha tayala, ndipo nati ikagwera m'fumbi tonse tinkagwada kuifunafuna. A Mbewe sankataya kanthu. Ankadziwa matenda a thirakitala pongogwira boneti ndi chikhatho, ndipo ukalakwitsa sankakalipa, ankangokuyang'ana mpaka iwe mwini uchite manyazi. Mwana wathu woyamba atadwala malungo, anandikankhira njinga yawo osayembekezera kuti ndipemphe. Ndinkawatcha bambo, ndipo sikunali kungolemekeza chabe.

Pa magalimoto onse a pa esiteti, imene tinkainyadira inali galimoto yakale ya ku America imene mzunguyo anagula kwa mmishonale wina. Inali yaitali, yotakata, chiwongolero chili kumanzere, injini ya mapulagi asanu ndi atatu, ndipo ikadutsa pa bampu inkayendera mbali ngati ili pamadzi. N'chifukwa chake anthu anaitcha Ngalawa. Petulo inkamwa ngati ili paukwati, koma palibe amene ankaidandaula. Inanyamula amayi a matenanti opita kukachira, inanyamula akwati, inanyamulanso maliro. Inkangoyenda m'misewu yafumbi ya m'midzi, mwaulemu, osathamanga. Woyendetsa wake anali a Likaka, ochokera ku Mulanje, amene anabwera ngati tenanti n'kuphunzira kuyendetsa thirakitala mpaka kupatsidwa Ngalawa. Anali ndi ana asanu, ankakhala m'nyumba ya esiteti, ndipo m'mawa uliwonse ankaipukuta galimotoyo ndi kansalu akuimba nyimbo za kwaya.

1994

Chaka cha chisankho zinthu zinasintha msanga kuposa mmene tinkaganizira. Aliyense anayamba kulankhula za ufulu, ngakhale mlonda wa pageti, amene kale ankangoti "inde bwana" asanamve funso. Mzungu uja anagulitsa esiteti n'kubwerera kwawo, ndipo tinalandira bwana watsopano, Mmalawi mnzathu wa m'tauni, wa nsapato zonyezimira. Sanali munthu woipa, koma anali wothamanga magazi, ndipo chilichonse ankafuna chichitike dzulo. Ngalawa anaikonda tsiku loyamba lomwelo chifukwa ikaima pamalo anthu ankaizungulira. Anali ndi zochita zina ku Dedza, choncho a Likaka anayamba kumudutsitsa njira yafumbi yotulukira ku Nathenje, n'kukwera msewu wa tala. Kumeneko Ngalawa inayamba kuthamanga liwiro limene sinalionepo chibwerere pa esiteti.

Sipanapite nthawi a Likaka anabwera ku galaja atagwira chipewa m'manja. "A Mbewe, galimotoyi ikunjenjemera," anatero. "M'fumbi ilibe vuto, koma ikagwira liwiro pa tala mpando umachita kundigwedeza, ndipo galasi loonera kumbuyo silionetsa kanthu."

"Yakalamba," anayankha a Mbewe. "Inenso ndikathamanga ndimanjenjemera."

Tonse tinaseka, ndipo ine ndinaseka kwambiri kuposa onse. Tinasinthanitsa matayala, tinamanga mabawuti a injini, n'kuwauza kuti apite. Anabweranso kachiwiri, anabweranso kachitatu, mpaka anyamata a mathirakitala anayamba kuwatcha a Njenjenje. Kenako anasiya kubwera, ndipo ife tinaganiza kuti vutolo latha, pamene chinatha ndi mphamvu zawo zodandaula.

Chaka chotsatira, mvula itatha

Tsoka silinunkha. Lolemba lina masana, atadutsa Nathenje kulowera ku Diamphwe, polopela ya Ngalawa inasololoka. Kwa inu amene simunagonepo pansi pa galimoto, polopela ndi chipaipi chachitali chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku mawilo a kumbuyo, ndipo mbali zonse ziwiri chili ndi mfundo zimene timazitcha makolosi. Kolosi ya kutsogolo inasweka, chipaipicho chinalasa msewu, galimoto inadumpha n'kukagwera m'ngalande. Mulungu anachita chifundo, palibe anafa, koma bwana anang'ambika pachipumi, ndipo suti yake inathera pomwepo.

Tinaikoka ndi thirakitala. M'mawa mwake bwana anafika ku galaja ali ndi bandeji kumutu, n'kufunsa a Mbewe chimene chinachitika. "Kuthamangitsa, bwana," anatero a Mbewe. Bwana sanafunsenso zina, ngakhale aliyense ankadziwa kuti wolamula liwirolo anali yemweyo. Anati Lachisanu a Likaka alandire kalata yowachotsa ntchito, Loweruka atuluke m'nyumba ya esiteti. Ine anandiuza kuti ndione ngati galimotoyo ingadzukenso. A Likaka anali ataima chapatali, ndipo sanadziteteze. Anangoti, "Kwathu ndilibe munda, bwana. Ana ndipita nawo kuti?" Bwana anali atatembenuka kale.

Ndinaika polopela ija pa benchi n'kuitsuka ndi palafini. Ndinkafuna kungoona ngati ingawongoke, koma maso anga anakodwa kutsogolo kwake, pamene imalowa m'giyabokosi. Panali kakhosi kozungulira kokhala ndi timabala takuda, ndipo nditakanda ndi chikhadabo ndinapeza kuti ndi zotsalira za labala. Labala pamenepo ankagwira chiyani? Pa chipaipi chenichenicho panalinso zipsera ziwiri, ngati pamene munthu anadula kanthu ndi tchizulo. M'kabati munali buku la galimotoyo limene mmishonale uja anasiya. Chiswe chinali chitadya theka lake, ndipo tsamba lofotokoza linapita nacho, koma chithunzi chinatsala. Pa chithunzipo, pakakhosi paja, panali mkombero wonenepa umene pa Ngalawa yathu panalibe.

Chithunzi chokha sichikanandikwanira. Ndinakumbukira kuti kuseri kwa chigayo china ku Nathenje kunali chigoba cha galimoto ya mtundu womwewo, chimene chinafa kalekale. Lachinayi m'mawa ndinapalasa njinga. Mwini chigayocho, mayi wina wansangala, atamva kuti ndikufuna kukwawira pansi pake anaseka. "Achimwene, mukufuna zitsulo kapena mazira? Mmenemo ndi m'khola la nkhuku zanga." Ndinakwawa, nkhuku zikundikalipira, ndipo nditachotsa matope ndi chisa cha mavu ndinauona. Mkombero wachitsulo, waukulu ngati mbale yodyera mwana, wolemera, uli pakhosi pa polopela. Pakati pa mkomberowo ndi khosilo panali labala wolimba wowagwirizanitsa. Chapakati pa chipaipi panali tizitsulo tiwiri taphanthiphanthi towotcherera, pamalo enieni pamene pa yathu panali zipsera.

Ndinagona pamenepo nthawi yaitali ndikuugwiragwira, ndipo nzeru inabwera yokha. Polopela ikamazungulira mothamanga imanjenjemera, ndiye mkomberowo, pokhala pa labala, umameza kunjenjemerako, monga nkhata imachitira pamutu pa mayi wosenza mtsuko. Amakaniko amautcha dampa. Tizitsulo tija si zigamba ayi, ndi tolinganiza kulemera kuti chipaipi chisapepuke mbali imodzi. Wina wa inu akadzakumana ndi galimoto zakalezi asadzasokonezeke monga ambiri amachitira. Kutsogolo kwa injini kuli pule yozungulitsa lamba imene nayonso ili ndi labala, koma imeneyo ndi ya injini. Magalimoto ena ali ndi labala wogwira beling'i pakati pa polopela, koma ameneyo amamangidwa ku tchesi, zitsulo zonyamula thupi la galimoto, ndipo sazungulira. Dampa yeniyeni imazungulira limodzi ndi polopela, ndipo ukaigwedeza ndi dzanja siyenera kuyenda payokha. Ina ndinadzaiona kumbuyo, pafupi ndi difu imene imagawira mphamvu ku mawilo, koma kapangidwe kake n'komweko: chitsulo kunja, labala pakati.

Pobwerera mtima wanga unali wopepuka, chifukwa ndinkaganiza kuti mkombero wathu unangogwa wokha m'njira zaka zapitazo, ndipo palibe amene angaimbidwe mlandu. Ndinafika pa esiteti dzuwa likadali m'mwamba. Ndikudutsa pa katchalitchi ka matenanti, belu linalira kuitana amayi a Lachinayi, ndipo sindikudziwa chimene chinandichititsa kucheuka. Pa nthambi ya mtengo wa mango panali chitsulo chopachikidwa ndi waya, chimene ndinakhala ndikuchimva Lamlungu lililonse osachiyang'ana. Ndinatsika panjinga. Unali mkombero, ndipo m'kati mwake munali timabala takuda ta labala. Ndinafunsa mkulu wa mpingo amene ankaumenya ndi bawuti kumene anaupeza. "Anatipatsa a Mbewe, kalekale mzungu akadalipo," anatero mosangalala. "Umalira bwino, eti?"

Ndinapita molunjika kwa a Mbewe, ndipo ndinawapeza pakhonde akukhomerera mpini wa khasu. Ndinakhala pansi, tinapatsana moni, kenako ndinawafotokozera zonse. Sanakane.

"Unkagwedera," anatero. "Labala anatha, unkangolira kwetekwete. Ndikanaupeza kuti wina? Ndinauchotsa, phokoso linatha. Tizigamba tijanso tinkakola udzu, ndinatidula. Galimoto inayenda zaka zonsezi."

"Inayenda m'fumbi, bambo. M'fumbi sinkathamanga. Pa tala ndi pamene inayamba kudzidya yokha, mpaka kolosi inasweka. A Likaka ankanena zoona."

Anaika khasu pansi. "Lufeyo, ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume. Ukufuna ndichoke pano anthu akundiloza chala? Likaka ndi mnyamata, apeza ntchito ina."

"Ali ndi ana asanu, bambo. Mukanene nokha mawa. Mukanena nokha, bwana amva chisoni. Ine ndikaima pambali panu."

Anatembenuka pang'ono n'kundipatsa khutu lawo logontha lija, n'kutolanso khasu. Ndinadikira, ndinatsanzika, ndipo sanadzutse mutu.

Ndinagwira njakata. Munthu amene anandipatsa ntchito m'manja, ndimuvule pamaso pa bwana wobwera dzulo? Ndinayesa kudzinyenga kuti si nkhani yanga, kuti ine anangondituma kudzutsa galimoto. Lachisanu m'mawa ndikumwa tiyi ndinawauza mayi anu. Anandimvetsera akupukuta makapu, ndipo sanandilalikire. Anangoti, "Mukakhala chete, mawa ine ndi amene ndikathandize mayi a kwa Likaka kumanga mitolo. Ndiye ndikabwerako tidzayang'anana bwanji m'nyumba muno?"

Ndinakapempha mkombero uja kwa mkulu wa mpingo, ndikumulonjeza limu yakale ya thirakitala m'malo mwake, n'kupita nawo ku ofesi. A Likaka anali kale pakhomo kudikira kalata yawo, ndipo a Mbewe anali m'kati. Ndinaika chitsulocho pa tebulo pamodzi ndi buku lodyedwa ndi chiswe, n'kufotokoza ntchito yake. Bwana anamvetsera, anaunyamula, anaona timabala ta labala, kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa: "Anauchotsa ndani?" Ndinapatsa a Mbewe mpata woti alankhule. Ndinawayang'ana, iwo ankayang'ana pawindo. Ndinadikira mpaka bwana anafunsanso.

"Anachotsa ndi a Mbewe, bwana," ndinatero. "Anachotsa chifukwa china chinalibe kopezeka, ndipo nthawi imeneyo galimoto sinkathamanga. Koma inenso ndagona pansi pa galimoto imeneyi zaka zambiri osaona, ndipo a Likaka atabwera kudzadandaula katatu konse ndinawaseka."

Ndinkayembekezera kuti mawu omalizawo agawa mlanduwo pawiri, koma bwana anamva oyamba okha. Chimene chinamupsetsa mtima si chitsulo ayi, koma kuti Lachiwiri lija a Mbewe analoza dalaivala. A Likaka anauzidwa kuti abwerere kunyumba kwawo akamasule katundu, a Mbewe anauzidwa kuti mwezi ukatha apumule, ndipo makiyi a galaja anapatsidwa kwa ine pamaso pawo. Ndinayesa kuwapepesera, bwana anandikwezera dzanja. A Mbewe anatuluka osandiyang'ana.

Ngalawa tinaidzutsa ndi polopela ya m'khola la nkhuku lija. Tsiku loiyesa ndinakwera ndi a Likaka mpaka pa mlatho wa Diamphwe, ndipo inkayenda ngati ikutsetsereka. A Likaka ankaloza galasi akuseka ngati mwana: "Taonani, a Lufeyo, ndikuona mpaka mbuzi za kumbuyo!" Ine ndinamwetulira chabe. Pa esiteti anthu ena ankati ndinachita bwino, ena ankati ndinakumbira dzenje mkulu wanga chifukwa chosirira makiyi, ndipo amenewa ankalankhula mokweza kuposa oyambawo. Mwezi utatha a Mbewe anakweza katundu pa ngolo kupita ku Nathenje, kwawo kwa akazi awo. Ndinapita kukathandiza kunyamula, koma bokosi limene ndinagwira anandilanda mwakachetechete n'kulikweza okha.

Patapita zaka ziwiri

Nthawi imeneyo maminibasi anali atadzaza mumsewu, ndipo ndinamva kuti a Mbewe anamanga kashedi m'mbali mwa msewu ku Nathenje, akukonza magalimoto amene afera panjira. Tsiku lina minibasi yachilendo inaima pa geti la esiteti, dalaivala wake akufunsa za ine. Anati ikathamanga imanjenjemera, ndipo wayenda nayo kwa amakaniko atatu. Ndinamufunsa amene anamulozera kuno, kutchire ngati kuno. "Madala ena ake a pa Nathenje, ogontha khutu limodzi," anatero. "Akuti, pita kwa Lufeyo ku Mitundu, zonjenjemera amazidziwa kuposa ine."

Ndinalowa m'galaja ngati ndikukatenga jeke, koma ndinkabisa misozi. Pambuyo pa ameneyo anabwera wina, kenako winanso, onse ndi mawu omwewo. Ndinadziwa kuti imeneyo ndiyo njira ya a Mbewe yolankhulira, chifukwa sanali munthu wonena kuti pepani kapena ndakukhululukira. Ndinauza mayi anu kuti Lamlungu ndipita kukawaona. Lamlungulo linadutsa. Ndinati fodya akatha kusankhidwa, ndinati mvula ikatha, ndinati ndikapeza nkhuku yabwino yoti ndiwatengere. Zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi, ndipo ndinkaopa kuti ndikafika adzandipatsanso khutu lija. Madalaivala ndinkangowatuma kuti, "Mukawapatse moni madalawo."

Uthenga wa maliro a a Mbewe unabwera ndi dalaivala wa minibasi yemweyo woyamba uja. Tinapita pa Ngalawa, a Likaka akuyendetsa, ndipo anali iwo amene anapempha bwana kuti galimotoyo ikanyamule bokosi kupita kumanda. Titaika, ndinapita kukapepesa mayi a kunyumba kwa a Mbewe. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundiyang'ana popanda mkwiyo uliwonse.

"Ndinu a Lufeyo, eti? Mwafika," anatero. "Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankandiuza kuti nditulutse mipando iwiri pakhonde. Ndikafunsa kuti winawo ngwa yani, ankati, ingotulutsa, mwina abwera."

Ana anga, zimene ndinanena mu ofesi muja sindinanong'onezepo nazo bondo, ndipo zitabweranso ndinganene zomwezo. Ana a a Likaka anakulira pa esiteti, ndipo ena mwa iwo munaphunzira nawo sukulu. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mpando wachiwiriwo, umene mayi aja ankaulowetsa m'nyumba Lamlungu lililonse popanda wokhalapo.